Kodi nyerere ndi mavu nzapachibale?

Bambo ena a ku Santhe anditumizira imelo, akuti mwana wawo walumidwa ndi mdzodzo ku chigafa akusoka fodya, ululu wake ngati wa mavu enieni, ndiye wawapanikiza kuti kodi tizilomboti nzapachibale? Afunsanso ngati ngumbi zili m'gulu lomweli.

Bambo, mwanayo mutu wake ukugwira ntchito. Nyerere, mavu ndi njuchi zonse zili m'gulu limodzi lotchedwa Hymenoptera, ndipo makolo a nyerere anali mavu ndithu, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo ma dinosaur adakalipo. Mu 1966 ku New Jersey, m'dziko la America, anthu anatola kachilombo kokodwa mu utomoni wa mtengo womwe unauma gwa ngati mwala, ndiye katswiri wa nyerere E. O. Wilson ndi anzake anakatcha Sphecomyrma mu 1967, thupi la nyerere koma zibwano zazifupi za mavu.

Tolani mdzodzo ndi kamtengo muuyang'anitsitse m'chiuno. Paja akuluakulu amati mavu adapangana kuning'a pakati, basi nyerere nayonso pangano lija ilimo, kungoti iyo pachiunopo pali kamfundo. Mbola ija poyamba chinali chiwalo choikira mazira, nchifukwa chake zobaya ndi mbola nzazikazi zokhazokha, zazimuna zilibe, ndipo zazimunazo zimaswa kuchokera ku dzira lomwe silinakumane ndi umuna, kwa mavu ndi njuchi chimodzimodzi. Ichi ine chimandidabwitsabe mpaka pano. Linthumbu lotithamangitsa m'nyumba usiku lija limangodalira zibwano.

Mapiko nawo sanatheretu ayi. Zogwira ntchito zilibe, koma mvula yoyamba ikagwa zazimuna ndi zodzakhala manthu zimauluka kukakwerana, kenako yaikazi ija imathothola mapiko nkukumba pansi kuyamba mudzi wake. Mafulufute timakazinga aja ndi nyerere zenizeni zimenezo.

Koma ngumbi ayi, musamusokoneze mwana. Ngumbi ndi chiswe, achibale ake ndi mphemvu, zoona ndithu ngakhale ena ndiwo ziwawira pakamwa akamva. Muone m'lichero, chiuno chosaning'a, mapiko onse anayi ofanana kutalika, pomwe a fulufute akutsogolo ndi aatali kuposa akumbuyo.

Za kulumidwako, kutupa pang'ono pamalopo kumatha kokha, koma akatupa nkhope kapena kuyamba kubanika, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.