Yankho kwa amalume: nyama yapachitsulo ya ku Japan

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Japan kwada kale, ndiye ndingotumiza voisi, kulemba kunditalikira. Ndaiona vidiyo mwaponya pagulupu ija, mkulu wa chipewa choyera akukazinga nyama pachitsulo anthu atamuzungulira, komanso funso lanu loti, kodi si chiwaya chomwechi, nanga bwanji akuti n'chakudya cha mabwana? Ndaseka ndekha kuno.

Simunaphonye kwenikweni ayi. Kaphikidwe kameneko amati teppanyaki, ndipo chitsulocho sindicho chikudulitsa. Ku Osaka ndi ku Hiroshima, pachitsulo chomwecho amaphikapo okonomiyaki, ufa wa tirigu wosakaniza ndi kabichi, dzira ndi nyama ya nkhumba, ndipo mwana wasukulu amakhuta ndi ma yen (ndalama za kuno) pafupifupi 1,000. Koma kalowe madzulo muhotela yaikulu ku Tokyo, ukhale pampando woyang'anana ndi wophika uja, ma yen 20,000 munthu mmodzi amatha ngati masewera, kwina n'kupitirira.

Nkhani yagona pa ng'ombe, amalume. Amati wagyu. Mafuta ake sakhala m'mbali mokha ayi, amalowa mkati mwa mnofu, timizere toyera paliponse, moti ukaiona yaiwisi siyofiira bwinobwino, ndi yotuwa. Yotchuka ndi ya Kobe, dzina la mzinda wina wa kuno, ndipo dzinalo silingoperekedwa chisawawa. Ikhale ng'ombe ya mtundu wa Tajima, yobadwira m'chigawo cha Hyogo, yokulira komweko, yophedwera komweko. Ikaphedwa amaiyeza. Mafuta a mkati aja ali ndi sikelo yake, kuyambira 1 mpaka 12, ndipo yosafika pa 6 siitchedwa Kobe. A5 mumaiona pa intaneti ija ndiye giredi yapamwamba zedi. Ng'ombe iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 10, mwakuti malo ena amakuonetsa chikalata chake usanadye, chili ndi chidindo cha mphuno ya ng'ombeyo. Mphuno, amalume! Ndiponso 2012 isanafike, ya Kobe sinkagulitsidwa kunja kwa Japan n'komwe. Zija amati amazimwetsa mowa n'kumazisisita, zambiri n'zokometsera nkhani chabe.

Tsono nyama yotereyi mafuta ake amasungunuka msanga, ukaiika pamakala amadonthera pamoto, ndalama zako n'kumapsa ukuona. N'chifukwa chake chitsulo chimayenera. Chimakhala chochindikala, mwina masentimita awiri, sichizizira ukaikapo nyama, ndipo pena chimatentha kwambiri pena pang'ono, wophikayo amadziwa poika chiyani. Amakufunsa kuti ipse motani, n'kudula tizidutswa tolowa mkamwa kamodzi, kukuikira titatu tinayi, ukamaliza ndiye enanso. Pambali timchere, wasabi (kobiriwira kowawa ngati tsabola), ndi adyo wodula mopyapyala wokazinga mpaka gwa. Nyamayo isanabwere amayamba ndi za m'nyanja, nkhanu zikuluzikulu, ndi ndiwo zamasamba. Mafuta amene wadula m'mphepete sataya, amakazingira mpunga wa adyo kumapeto. Ine mpunga umenewo ndi umene umandigwira mtima kuposa nyamayo, chifukwa nyamayo imakola msanga, sungadye yambiri.

Ndiye ganizirani, wophika mmodzi akusamalira anthu ochepa, kawirikawiri osapitirira asanu ndi atatu, kwa ola ndi theka kapena awiri, maso onse ali pamanja ake. Akapsereza alibe kobisala. Nthawi ya munthu ameneyo mukulipiranso ndinu.

Komanso si mwambo wamakedzana monga ambiri amaganizira. Lesitilanti ya Misono ku Kobe ndiyo imati inayambitsa, mu 1945 nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, mwini wake Shigeji Fujioka, ndipo amene anaikonda msanga anali asilikali a ku America ndi alendo ena. Anthu a ku Japan kwa zaka mazanamazana sankadya nyama ya ng'ombe kwenikweni, mpaka mfumu yawo Meiji inadya mu 1872 nkhani n'kumveka dziko lonse. Choncho siteki inalowa ngati chakudya chachilendo, cha anthu andalama, ndipo mbiri imeneyo inakanirira.

Koma vidiyo yanuyo, yoponya mipeni m'mwamba, anyezi wosanjikiza akutulutsa moto, dzira kuligwira ndi chipewa, imeneyo ndi sitayilo ya ku America. Inafala ndi lesitilanti ya Benihana, imene Rocky Aoki anatsegula ku New York mu 1964. Kuno malo odula kwambiri kuli zii, wophika salankhula zambiri, umangomva nyama ikulira pachitsulo. Ine ndimakonda yachete yomweyo, zoponyaponyazo ana ndiye amasangalala nazo.

Mukadzabwera tidzapita masana, malo ambiri chakudya chamasana mtengo umatsika ndithu, kungoti nyama imachepako. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti mafunso awo a mpunga wa kuno ndiyankha mawa.