Timipira taminga ngati nsatsito musatigwire ndi manja

Achemwali, ndangoona chithunzi chanucho thupi lonse lachita tsemwe. Timipira toyera taminga ngati nsatsito timene mwajambula kunsi kwa mpando ndi mazira a kangaude, ndipo mwini wake ali pompo kunsi kwa mpandowo. Mukamutembenuza ndi kamtengo muona kachizindikiro kofiirira kumimba, kopyapyala pakati ngati mtondo. Pachizungu amamutcha brown button. Thupi lake ndi laling'ono ngati njere ya nandolo, miyendo yamizeremizere, ukonde wake wosokonekera ngati ulusi woseweretsa ana. Mukamugwedeza amadzipinda n'kugwa ngati wafa. Sanafe ameneyo.

Ine anandiluma mu 2023 kwathu kuno kwa Chisitu. Namondwe wa Freddy atatigwetsera khitchini mu Malichi, njerwa tinangoziunjika kuseri kwa nyumba. Mu Okutobala titati timangenso, ndinalowetsa dzanja pakati pa njerwazo, ndinangomva ngati kasingano pamkono. Sindinalabadire, ndinapita kukatereka ndiwo. Dzuwa likulowa, mwanabele m'khwapa, mkono ukuyaka ngati ndauika pambaula. Usiku ndiye eee. Thukuta kamukamu, mimba gwa ngati thabwa, msana ndi ntchafu kukokana moti kugona chagada ayi, chafufumimba ayi, ndinkangogubuduzika pamphasa. Kamwana kanga kachisiriza kanagwira chitenje changa kakulira kuti amayi musafe, ine ndikulephera ngakhale kukayankha chifukwa nsagwada zinkanjenjemera. Bambo akunyumba anali ya usiku kufakitale ya tiyi, foni yozimitsa.

Ndiye kukubwera alamu anga. Wakabaza anali atafika kale pakhomo, aneba atamuitana, iwo anamubweza. Akuti izi sizakuchipatala, wina wakutumizirani chifukwa cha nkhani ya malire a munda ija. Anakatenga sing'anga wawo, munthu akununkha kachasu, ananditema mphini pamkono ndi lezala loti sindikudziwa linameta angati, kupakapo zakudazakuda. Anatenga K15,000 ndi tambala wanga yemwe ndinkasungira Khirisimasi. Ululu osasintha ngakhale pang'ono. Kutacha ndinapitabe kuchipatala, anandibaya jakisoni wopha ululu n'kundiika diripi, anamwino akundikalipira ine za mphinizo ngati ndinadzitema ndekha. Za kangaudeyo zinatha patatha masiku atatu. Koma mabala a lezalawo anatukusira mafinya pafupifupi mwezi, zipsera ndili nazo mpaka lero. Alamuwo mpaka pano amauza anthu kuti anandipulumutsa ndi iwowo. Ndikamva zimenezo mtima umandiwawa kuposa tsiku lija, ndipo tambala wanga sanabweze.

Komabe musachite mantha kwambiri. Wofiirirayu nthawi zambiri amangosiya ululu pomwe walumapo, ndipo saputa munthu, amaluma ukamupanikiza. Woopsa kwenikweni ndi m'bale wake wakuda bii, amene timipira take ndi tosalala topanda minga, makamaka kwa ana ndi okalamba. Chikangaude chachikulu chachikasu chija chomanga ukonde pakati pa mitengo ya mapeyala chimangoopsa ndi maonekedwe, chisiyeni chizidya ntchentche ndi udzudzu. Ndikulangiza choncho koma ndisaname, ine aliyense wamiyendo 8 amakumana ndi silipasi.

Timipirato tichotseni ndi kamtengo n'kutiponda kapena kutiponya pamoto, Doom yekha salowa bwino m'katimo. Yang'ananinso kunsi kwa ndowa, m'mphepete mwa chitseko cha chimbudzi, pamulu wa nkhuni ndi m'nkhokwe, ndipo nsapato za ana muzizikuntha asanavale. Wina akalumidwa tsukani ndi sopo, ikani kansalu kozizira, kangaudeyo ngati mwamupha muikeni m'kabotolo akamuone adokotala. Osatema, osamanga mkono ndi chingwe. Wakabaza akafika pakhomo kwerani, alamu muziyankhulana nawo pobwera.