Funsani Mmisiri: Mphepo Ikamasasula Madenga ku Mzuzu

Makalata amene tasankha mwezi uno onse achokera mumzinda wa Mzuzu, kumene mvula yoyamba imakonda kubwera ndi mphepo ya mkuntho, ndipo onse akufunsa za madenga a malata. Tawafupikitsa pang'ono, komanso tachotsa mayina monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi, ndipo ndimakhala ku Chiputula m'nyumba ya zipinda zitatu imene tinamanga ndi malemu amuna anga. Denga la nyumbayi lasasuka kawiri m'zaka zitatu, ndipo ulendo wachiwiriwu silinachoke lata limodzilimodzi ayi, koma linanyamuka lonse pamodzi ndi matabwa ake n'kukagwera kuseri kwa nyumba ya anzathu oyandikana nawo. Chondizunguza mutu n'chakuti nyumba yawoyo, imene ndi yakale kuposa yanga, sinagwedezeke n'komwe. Abale ena ayamba kunena kuti pali dzanja la munthu, pamene mmisiri amene anandikhomera akuti ndingogula malata okhuthala. Kodi ndimvere ndani?

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi, chifukwa kugona m'nyumba yopanda denga ndi ana nthawi ya dzinja ndi chinthu chowawa. Koma yankho la funso lanu mwalinena kale nokha pamene mwati denga linanyamuka pamodzi ndi matabwa ake. Zimenezi zikusonyeza kuti malata anagwirana bwino ndi matabwa, ndipo misomali inachita ntchito yake. Chimene chinalephera ndi pamalo pamene matabwawo amakumana ndi khoma. Malata okhuthala ndi abwino ndithu, koma pa vuto lanuli mungotaya ndalama, chifukwa nawonso adzauluka ulendo umodzi ndi matabwa omwewo.

Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga monga imakankhira chitseko, koma chimene imachita kwenikweni ndi kulikokera kumwamba. Ikawomba khoma imakwera n'kudutsa pamwamba pa nyumba mwaliwiro, ndipo pamenepo mpweya wa pamwamba umakanikiza pang'ono kuposa wa m'kati mwa nyumba, kotero denga limavuka monga chimavukira chipewa kumutu kwa munthu amene wakwera kabaza pamtsetse. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Mphepo yothamanga makilomita 100 pa ola itha kukoka sikweya mita iliyonse ya denga ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, pamene malata a pamalo omwewo salemera ngakhale makilogalamu asanu. Pa nyumba ya kukula ngati yanu, ya denga la masikweya mita 60, tikunena za matani oposa awiri akukokera kumwamba, ndipo matabwa ongosanjikidwa pakhoma n'kutsekeredwa ndi njerwa ziwiri ndi matope sangapirire zimenezo.

Za dzanja la munthu, ine luso langa ndi la matabwa ndi malata basi, koma ndikupemphani kuti musanadane ndi aliyense mupemphe anzanuwo kuti mmisiri akayang'ane kunsi kwa denga lawo. Kawirikawiri mumapeza kuti matabwa a nyumba yoteroyo anamangiriridwa ku khoma ndi waya, kapena kuti nyumbayo inabisala kuseri kwa mitengo kapena chitunda. Mzuzu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo nyumba ziwiri zoyandikana zitha kulandira mphepo yosiyana kwambiri.

Chofunika kuchita ndi kumangirira denga ku khoma, ndipo zimenezi zimatheka popanda kugumula nyumba. Pamalo paliponse pamene thirasi (chimango cha matabwa cha makona atatu chonyamula denga) kapena phaso lakhala pakhoma, mmisiri aboole khomalo mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba, alowetse waya wokhuthala wosachita dzimbiri wopindidwa pawiri, kapena lamba wachitsulo uja amisiri amati hupu ayironi, aukweze mbali zonse ziwiri za khoma, aukulunge pamwamba pa thabwalo n'kuumanga mothina, kenako atseke bowolo ndi simenti. Cholinga chake n'chakuti mphepo ikafuna kunyamula denga, ipeze kuti iyeneranso kunyamula njerwa zonse zija. Ngati nyumbayo inamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, wayayo atsike pansi kuposa pamenepo, chifukwa mizere yapamwamba imazuka mosavuta. Popeza denga lanu lachoka kale, ino ndiyo nthawi yabwino yothira ring'i bimu, lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa makoma, n'kusiyiratu mawaya otuluka m'konkireyo omangira matabwa. Ndalama zimene mukanagulira malata atsopano zipite kumeneko, ndipo malata akale amene sanang'ambike awongoledwe n'kugwiritsidwanso ntchito.

FUNSO: Ndagula malo pachitunda cha ku Nkhorongo ndipo nyumba yafika pa lintala. Ndimasirira nyumba zamakono zimene denga lake limabisika kuseri kwa khoma, komanso akuti zimadya malata ndi matabwa ochepa. Malume anga akuti ndimange denga la mbali zinayi. Ndithandizeni, ndipo mundiuzenso za geji ya malata ndi misomali yoyenera.

YANKHO: Achimwene, amalume anu akunena zoona, ndipo pachitunda pamene mwagulapo mawu awo akulemera kawiri. Denga la mbali zinayi, limene amisiri amati hipu, limapatsa mphepo njira yotsetsereka kuchokera kulikonse kumene yachokera, ndipo matabwa ake amatsamirana kumakona onse. Denga la mbali ziwiri limasiya makoma aatali a gebulo, aja osongoka kumwamba a kumapeto kwa nyumba, amene amalandira mphepo yonse maso ndi maso ndipo nthawi zina amagwera m'nyumba. Denga logona kwambiri, lotsetsereka pang'ono chabe, ndilo limakokedwa koposa onse. Kutsetsereka kwa madigiri pafupifupi 30 ndiko kumene akatswiri a zomangamanga amalimbikitsa kumadera a mphepo.

Denga lobisika sindilikana kotheratu, pakuti khoma lolizungulira likakhala lolimba limatchinga m'mphepete mwa malata. Vuto lake kuno ndi madzi. Mzuzu umalandira mvula yambiri mpaka mu Epulo, kenako mawawa a m'nyengo yozizira, ndipo denga lobisika limadalira ngalande za m'kati zimene zikatsekeka ndi masamba zimathira madzi pa matabwa ndi pakhoma. Thabwa likayamba kuwola, msomali umasolokamo ndi zala. Ndaonapo nyumba zokongola zoterezi zimene eni ake amasintha siling'i chaka ndi chaka.

Pali chinthu china chimene mvula ndi mphepo zimakanganirana, ndicho kutalika kwa denga kupitirira khoma. Mvula imafuna kuti litalike kuti makoma asanyowe, pamene mphepo imalowa kunsi kwa mbali yotulukayo n'kuinyamula. Ine ndimalangiza kuti lisapitirire theka la mita, kapena masentimita 60 pakavuta, ndipo kunsi kwake kutsekedwe ndi matabwa. Khonde likhale ndi denga lakelake losalumikizana ndi malata a nyumba, ndipo nsanamira zake zizikidwe mu konkire, kuti tsiku limene khondelo lagonja lisatenge nyumba yonse.

Pa geji, kumbukirani kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri moti imang'ambika pamutu pa msomali mphepo ikamaigwedeza. Ngati thumba likulola, gulani 28, ndipo muone chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards. Ngati silikulola, yandikizitsani mapelini, matabwa aja okhomerapo malata, asatalikirane kupitirira masentimita 90, ndipo m'mphepete mwa denga ayandikane koposa apo.

Matabwa ambiri amene mugule mumzindamu ndi a paini ochokera ku nkhalango ya Viphya, ku Chikangawa. Paini ndi mtengo wabwino wa denga ukakhwima ndi kuuma, koma nkhalangoyi yavutika ndi moto komanso kudula kopyola muyezo, ndipo pamsika pamapezeka matabwa ochekedwa ku mitengo yanthete, ena akadali aawisi. Thabwa laliwisi limanyala likauma, ndipo msomali umene unali wothina tsiku lokhoma umayamba kugwedera pakatha miyezi ingapo. Gulani msanga, muwasanje pamthunzi mosiyanitsa ndi timitengo kuti aume, mutaye amene ali ndi mfundo zikuluzikulu, ndipo muwapake mankhwala a chiswe musanawakweze.

Pokhoma, muimepo nokha, chifukwa apa m'pamene amisiri ena amaba misomali ndi nthawi. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande mmene mumayenda madzi. Ukhale wopotoka thupi, wa chipewa ndi washa, ndipo utalike mokwanira kuti nsonga yake itulukire kunsi kwa pelini n'kupindidwa. Masikuluu a malata amagwira koposa misomali, ngakhale ndi okwera mtengo. Mphepo imayamba kusenda denga kumakona, m'mphepete ndi pamsonga, choncho m'malo amenewa pakhale msomali pamsana uliwonse, pamene pakati mutha kudumpha msana umodzi kapena iwiri. Malata apitirirane msana umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 mpaka 20 pamene lina lathera n'kuyamba linzake. Mapelini nawo asangokhomedwa ndi msomali umodzi wochokera pamwamba, umene mphepo imausolola mmene unalowera, koma amangiriridwenso ku thirasi ndi waya kapena lamba wachitsulo.

FUNSO: Ndimachita lendi ku Masasa. Malata a nyumbayi amalira usiku wonse kukakhala mphepo, ndipo eni nyumba anangobwera n'kusanjikapo njerwa, miyala ndi matayala awiri. Kodi zimenezi n'zokwanira?

YANKHO: Ayi, bambo, si zokwanira, ngakhale kuti ndi mankhwala amene mungawaone pa madenga ambiri ku Masasa, ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa. Miyala imaletsa phokoso pa mphepo wamba, ndipo n'chifukwa chake anthu amaikhulupirira. Koma kuti mugonjetse mphamvu imene ndatchula poyankha mayi a ku Chiputula, mungafunike miyala yolemera moti matabwa akhoza kuthyoka, ndipo tsiku limene denga lanyamuka miyala yomweyo imagwera anthu. Imasunganso chinyezi ndi zinyalala zimene zimadyetsa malata ndi dzimbiri, pamene matayala amasunga madzi oswerana udzudzu.

Lata lolira likukuuzani kuti misomali yasoloka kapena thabwa la kunsi lafumbwa. Msomali wakale usabwezeredwe m'bowo lake, chifukwa bowolo lakula. Ulowemo sikuluu yokulirapo, kapena msomali watsopano ukhomedwe pamsana woyandikana nawo n'kumata bowo lakalelo. Kukonza denga ndi udindo wa eni nyumba, koma popeza mutu umodzi susenza denga, mutha kuwapempha mwaulemu kuti inu mugule misomali ndi kulipira mmisiri, iwo achotsere pa lendi, ndipo mugwirizane zimenezi polemba pamaso pa mboni.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Luwinga. Aphunzitsi anzanga amatsutsana: ena akuti mkuntho ukayamba titsegule mawindo onse kuti mphepo idutse, ena akuti titseke. Zoona ndi ziti, ndipo ana tiziwasunga pati?

YANKHO: Aphunzitsi, tsekani, makamaka mbali imene mphepo ikuchokera. Khomo kapena windo likatseguka mbali imeneyo, mphepo imadzaza m'kalasi n'kumakankha denga kuchokera pansi pa nthawi imene ya pamwamba ikulikoka, ndipo mphamvu ziwirizi zikaphatikizana m'pamene midadada yathunthu imasasuka. Makalasi amavutika kuposa nyumba zogona chifukwa alibe makoma a m'kati ogwira denga, ndipo ambiri ali ndi mawindo a njerwa zoboola amene satsekeka. Pa midadada yotereyi thirasi iliyonse imangiriridwe ku khoma mbali zonse ziwiri, ndipo mathirasi alumikizidwe ndi matabwa opingasa kuti asagwe motsatana.

Ana asathamangire panja mphepo ikuwomba, pakuti lata louluka limadula ngati chikwanje. Akhale pansi kutali ndi mawindo ndi khoma la gebulo, ndipo denga likayamba kunyamuka alowe kunsi kwa madesiki. Mkuntho ukatha, pasapezeke mwana wotola malata pamene pagwa mawaya a magetsi mpaka a ESCOM atafika. Zowonongeka zikanenedwe kwa khansala wa dera lanu ndi ku khonsolo ya mzinda, kumene malipoti amapita ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA.

Komiti ya sukulu ikhale ndi chizolowezi chokweza mmisiri padenga mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, kuti ayang'ane misomali yosoloka, matabwa odyedwa ndi chiswe ndi mawaya odyedwa ndi dzimbiri. Mitengo yotchinga mphepo ndi yothandiza ikadzalidwa pamzere patali ndi makalasi, koma mabulugamu aatali amene aima pafupi ndi mdadada asadziridwe, ndipo amene ayamba kupendekeka adulidwe ana ali patchuthi.