Musataye golovesi ya mwanayo chifukwa cha chingwe chimodzi

Achemwali ena a ku Indianapolis, kuno ku America, andilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wa zaka 11 amasewera baseball, chingwe cha pa ukonde wa golovesi yake (malo ogwirira mpira, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala) chaduka, ndipo mphunzitsi wa timu wawauza kuti angogula ina. Akufunsa ngati angathe kuikonza okha pakhomo.

Achemwali, mungathe. Koma mawu aja akuti "mungogula ina" andikhudza pachilonda, ndiye mundipirire ndiyambire kutali.

Bambo anga anali osoka nsapato. Ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ali ndi kabokosi kamatabwa, ulusi wakuda, kachibulumwa ka phula la njuchi, ndi singano yomwe anasula okha kuchokera ku sipoko ya njinga, kuinola bwinobwino n'kuicheka kambedza kunsonga. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inatuluka m'nsapato zong'ambika za anthu a m'tauni. Komabe ine ndinkachita nawo manyazi. Tikaweruka ndi anzanga ndinkawakokera njira ina kuti tisadutse pakhondepo. Loweruka akandiitana kuti ndikhale pambali pawo ndiziona ntchito, ndinkati ndili ndi zowerenga. Sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti, "Chabwino, pita ukawerenge." Anamwalira ine ndili kale kuno ku South Bend, mapepala anga asanalongosoke, ndipo kumaliro sindinapite. Kabokosi kaja kanasowa m'chipwirikiti cha masiku amenewo.

Patapita zaka, mwana wanga wachiwiri anabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti akufuna baseball. Ine mtima wanga unali pa mpira wamiyendo, koma mwana wobadwira kuno, amene anzake onse amakaonera timu ya South Bend Cubs ku bwalo la Four Winds Field, simungamuletse. Ndalama ya golovesi yatsopano panalibe. Ndinapeza yakale ya kampani ya Rawlings kwa mdala wina amene ankagulitsa katundu wa m'nyumba pabwalo pake, madola 15. Anati inali ya mwana wake, amene tsopano ali ndi banja. Inali itauma gwa, itakhala m'galaja zaka zambiri.

Mnzanga wina kuntchito anandiuza kuti ndiipake mafuta ambiri n'kuiika mu uvuni kwa mphindi zingapo kuti ifewe. Ndinatero. Inafewadi, mwana anasangalala. Chomwe sindinaone n'chakuti moto unali utapsereza zingwe m'kati, zitasanduka ngati nsomba youma. Patatha milungu itatu, pa masewera, mpira unamenyedwa molunjika kwa iye, anautchera bwino, koma ukonde unatseguka, mpirawo n'kupyola n'kumumenya pansi pa diso. Mpira wa baseball sufika n'komwe magalamu 150, koma ndi wolimba ngati mwala. Ndinathamanga kulowa m'bwalo miyendo ikunjenjemera. Diso linapulumuka, anangotupa tsaya kwa masiku angapo. Mpaka lero ndikaganiza kuti ndine ndinayatsa uvuni uja, m'mimba mumanditentha.

M'mawa mwake ndinatenga golovesiyo kupita nayo kusitolo ina ya zamasewera. Mnyamata wogulitsa sanaigwire n'komwe. Anangoiyang'ana patali n'kundilozera khoma lomwe panapachikidwa zatsopano. Ndinatuluka osagula kanthu. Nditafika kunyumba, chifukwa cha mkwiyo, ndinatenga sizasi n'kudula zingwe zonse nthawi imodzi, kusolola chilichonse. Patebulo panatsala chikopa chophwasuka, ukonde uli pawokha, ndi mabowo ambirimbiri osasonyeza kuti chingwe chimalowera pati n'kutulukira pati. Musadzachite zimenezi.

Ndinakhala madzulo atatu. Ndinabwereka golovesi ya mwana wa aneba yofanana nayo kuti ndizionera. Usiku wachitatu, mkazi wanga ataima pakhomo la kukhitchini anati, "Ukudziwa kuti wagwira singanoyo ngati apongozi?" Ndinayang'ana manja anga. Ndinali nditakulunga chingwe pa zala ziwiri, ndikukoka ndi mkono wonse osati ndi zala zokha, golovesi nditaipanikiza pakati pa mawondo. Ndendende bambo. Zinthu zomwe ndinkangoona ndi ngodya ya diso ndikuthawa pakhonde paja zinali zitalowa m'thupi ine osadziwa. Ndinaika singano pansi n'kulira ngati mwana, misozi yomwe sindinalire nthawi ya maliro.

N'chifukwa chake, achemwali, mphunzitsiyo walakwa, ndipo sindimupepesa. Golovesi ya baseball inapangidwa kuti izimasulidwa ndi kumangidwanso. Chikopa chimakhala zaka zambiri, zingwe ndizo zimafa msanga, monga mmene chidendene cha nsapato chimathera nsapato ikadali yabwino. Akale ankavala golovesi yongoteteza chikhatho basi. Mu 1920, Bill Doak, woponya mpira wa timu ya St. Louis Cardinals, anapatsa kampani ya Rawlings nzeru yoti pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala amangepo zingwe zachikopa kuti mpira uzikodwa pamenepo. Ukonde umene waduka kwa mwana wanuwo unayambira apo. Ndiye kuyambira pachiyambi pomwe, malo ogwirira mpira ndi omangidwa ndi chingwe, ndipo chingwe chimasinthidwa.

Chinanso chimene ogulitsa sakuuzani ndi ichi. Chuma cha golovesi ndi thumba lija la pachikhatho, lomwe lakumbika ndi mipira yonse imene mwanayo wagwira, mpaka chikopa chadziwa dzanja lake. Yatsopano imabwera youma ngati thabwa, ndipo imatenga milungu, nthawi zina miyezi, kuti imumvere. Kumulanda mwana golovesi yozolowera pakati pa nyengo ya masewera n'kumubweza m'mbuyo. Golovesi ya Wilson A2000, imene inayamba kupangidwa mu 1957, lero mtengo wake uli cha m'ma madola 300, ndipo amene ali nayo saitaya chingwe chikaduka. Amaimangitsanso kawiri, katatu. Kampani ya Nokona ku Nocona, Texas, ikupanga magolovesi kuchokera mu 1934, ndipo alipo anthu akusewera ndi omwe anasiyiridwa ndi makolo awo.

Koma tisangoloza azungu chala. Ifenso tili ndi matenda athu. Tinakula tikuvala za pa kaunjika, nsapato imodzi kusokedwa kasanu, ndipo titafika kuno ambiri tinalumbira mumtima kuti mwana wanga sadzavala chosokedwa. Ndimamvetsa, inenso ndinalumbira. Koma lumbiro limenelo latipangitsa kuona kukonza chinthu ngati umphawi, ndipo ana athu akukula osaonapo kholo litagwira singano. Ndaonapo makolo akugwira mashifiti awiri m'nyumba zosamalira okalamba n'cholinga choti mwana aoneke ndi zatsopano pabwalo. Zimandipweteka kwambiri. Mwana wanga sanachite manyazi ndi golovesi yake yomangidwanso. Anasankha yekha zingwe zakuda pa chikopa chofiirira, ndipo anzake anayamba kumutumiza kuti afunse ngati ndingamange zawo.

Nthawi imeneyo ndi pomwe ndinamufotokozera za Gift Ngoepe, wosewera baseball wa ku South Africa. Mayi ake ankagwira ntchito panyumba ya timu ya Randburg Mets ku Johannesburg, ndipo banjalo linkagona m'kachipinda ka panyumba yomweyo, bwalo lili pakhomo. Pa 26 Epulo 2017 analowa m'bwalo atavala yunifomu ya Pittsburgh Pirates, woyamba wobadwira ku Africa kusewera mu ligi yaikulu ya ku America, ndipo ulendo wake woyamba womenya anaumenya bwino mpira woponyedwa ndi Jon Lester wa Chicago Cubs. Chimene chinamufikitsa kumeneko makamaka chinali luso lake logwira mpira. Mwana wanga anamata chithunzi chake kuchipinda.

Ndivomere chinthu chimodzi. Ngati golovesiyo ndi ija yotchipa ya pulasitiki yongooneka ngati chikopa, ndipo mabowo ake ang'ambika mpaka kulumikizana, palibe pogwira chingwe, ipumitseni. Koma ngati ndi chikopa chenicheni ndipo chaduka ndi chingwe chokha, pitirizani kuwerenga.

Zofunika kukhala nazo

Zingwe zachikopa za golovesi zimagulitsidwa zotalika mainchesi 72, pafupifupi masentimita 183. Zilipo za mulifupi 3/16 ya inchi, zomwe zimakwana malo ambiri, ndi za 1/4 zomwe ena amaika pa ukonde ndi pansonga za zala. Pa ukonde wokha gulani ziwiri, pa golovesi yonse zinayi kuti musaperewedwe. Gulaninso singano yake yomangira, pulayala yosongoka, sizasi, ndi mafuta a chikopa okhala ndi lanolin (mafuta ochokera ku ubweya wa nkhosa). Mafuta ophikira ayi, uvuni ayi, microwave ayi.

Musanadule kalikonse jambulani ndi foni mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo, ngakhale m'kati. Gwirani chigawo chimodzi chokha, poti kwa inu ndi ukonde. Pakani chingwe chatsopano mafuta pang'ono kuti chiziterera, mangani mfundo kumapeto, dulani nsonga inayo mopendeka n'kuilowetsa m'singano. Kenako sololani chakale bowo limodzi, lowetsani chatsopano m'bowo lomwelo, sololaninso lina, choncho choncho, chakale chikutsogolereni njira. Mbali yosalala ya chingwe iziyang'ana kunja nthawi zonse, chikapotoka bwererani mukachiwongole, chifukwa chopotoka chimadya bowo. Musakoke kwambiri poyamba. Mukafika kumapeto, mwanayo avale golovesi, aike mpira m'thumba, ndiye muzimanga pang'onopang'ono mpaka mpira usamapyole koma dzanja lizitseka mosavuta. Mangani mfundo, musiye kamchira kotalika ngati chala, chifukwa chikopa chatsopano chimatamuka ndipo pakatha milungu iwiri mudzafunika pokokera.

Pamene mwatsegula choncho, pukutani fumbi m'makona ndi kansalu konyowa pang'ono, mudikire ziume pamthunzi, mupake mafuta ochepa kwambiri. Ochuluka amalemeretsa golovesi. Kokaninso zingwe za pansonga za zala muone ngati zili ndi ming'alu, chifukwa ukonde ukaduka, izo ndizo zimatsatira.

Mwanayo akhale pambali panu pamene mukuchita zonsezi, ndipo mabowo ena alowetse yekha. Wanga pano ali ndi zaka 16, golovesi ija inamuchepera, anapatsa mng'ono wake, ndipo mwezi watha ndinamupeza m'galaja ataipanikiza pakati pa mawondo akusintha chingwe cha pachala chachikulu. Mukakodwa penapake, achemwali, nditumizireni zithunzi mwajambulazo, ndikuuzani bowo lotsatira.