Chifukwa chiyani wilo ya Adele sinateteze boma la Austria?

Funso: Akonzi, ndinamva kuti boma la Austria linabweza zithunzi zodula kwa mayi wina wachiyuda, Maria Altmann, chonsecho mayi amene anajambulidwa pa chithunzi chotchukacho analemba mu wilo yake kuti zikasungidwe kumyuziyamu ya boma. Kodi khoti lingaphwanye bwanji mawu a munthu womwalira? — Wowerenga, Zomba

Yankho: Mawu a malemu sanaphwanyidwe, koma anaunikidwa kuti aone ngati anali lamulo kapena pempho, ndiponso ngati katunduyo anali wa malemuwo.

Zithunzi zisanu zimene zinkalimbiranidwa zinajambulidwa ndi Gustav Klimt, ndipo zinali m'nyumba ya Ferdinand Bloch-Bauer, mwini kampani ya shuga ku Vienna. Mkazi wake Adele, amene nkhope yake ili pa chithunzi cha 1907 chokutidwa ndi golide, anamwalira mu 1925 atalemba kuti akupempha mwamuna wake kuti akadzamwalira iyeyo zithunzizo zipite ku Austrian Gallery, myuziyamu ya boma ku Vienna. Ferdinand ananena kuti adzakwaniritsa zofuna za mkazi wake, koma ananenetsanso kuti zithunzizo zinali zake.

Mu 1938 dziko la Germany litalanda Austria, Ferdinand, amene anali Myuda, anathawa n'kukafika ku Zurich m'dziko la Switzerland, ndipo akuluakulu a chipani cha Nazi anamusemera mlandu wozemba msonkho kuti apeze polowera pogulitsa chuma chake. Chithunzi cha Adele chinafika kumyuziyamu mu 1941, mwini wake akadali moyo, ndipo mfundo imeneyi yokha ikusonyeza kuti sichinapite kumeneko chifukwa cha wilo. Ferdinand anamwalira mu 1945 wopanda mwana, atasiyira chuma chake ana atatu a mkulu wake Gustav Bloch-Bauer. Mmodzi mwa iwo anali Maria, amene Adele anali mayi ake aang'ono, pakuti amuna awiri apachibale anakwatira akazi awirinso apachibale.

Chimene ine ndimachiona kukhala chochititsa manyazi koposa chinachitika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kale. Mu 1948 loya wa banjali anavomera kuti zithunzi za Klimt zitsale kumyuziyamu pofuna kuti boma lipereke chilolezo chotulutsira katundu wina kunja kwa dziko. Anthu amene anaberedwa analipitsidwa kuti atenge chotsala cha katundu wawo womwe. Zimenezi zinaululika mu 1998, mtolankhani Hubertus Czernin atafukula zikalata zakale, chaka chomwenso Austria inakhazikitsa lamulo lobwezera katundu wotere.

Komiti ya boma itakana pempho lake mu 1999, Maria anafuna kusumira ku Austria, koma ndalama zotsegulira mlandu zinali zochuluka kwambiri chifukwa zimawerengedwa malinga ndi mtengo wa katundu wolimbiranidwayo. Anakasuma ku America, kumene ankakhala, ndipo mu 2004 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti akhoza kuimba mlandu boma la Austria. Mbali ziwirizi zinagwirizana zotula nkhaniyi kwa oweruza atatu a ku Austria komweko, amene mu Januwale 2006 anapeza kuti mawu a Adele anali pempho losamanga munthu, choncho zithunzi zonse zisanu zibwezedwe kwa olowa chuma cha Ferdinand.

Chaka chomwecho Ronald Lauder, mpondamatiki wa ku America, anagula chithunzi chagolide chija pa madola 135 miliyoni, ndipo lero chimaonetsedwa kumyuziyamu ya Neue Galerie mumzinda wa New York. Maria anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 94.