Achemwali a ku Mponela afunsa: gulu lathu la zisudzo likutha, titani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mchemwali wina wa ku Mponela, mphunzitsi wa pa pulayimale, ndipo ndaiwerenga kangapo chifukwa zomwe akudandaulazo ndinadutsamo ine ndemwe. Akuti iwo ndi anzawo anayambitsa gulu la zisudzo zaka zitatu zapitazo, onse ongodzipereka, palibe wolandira malipiro. Poyamba analipo 22. Kenako kunabwera bungwe lina ndi pulojekiti yolimbana ndi maukwati a ana, linawatenga miyezi 8 kumazungulira nawo mmidzi, aliyense akapita ku filudi ankalandira kangachepe. Pulojekiti itatha anthu anayamba kusowa mmodzimmodzi, pano ku rihezo kumabwera anthu 6, tsiku lina 4, ndipo ena akaitanidwa pa gulupu ya WhatsApp amangofunsa kuti "kuli kanthu?" Ndiye akufunsa kuti kodi alembe mapuropozo kusakasaka bungwe lina, kapena angovomereza kuti gulu latha.

Achemwali, gulu musatseke, puropozo muyambe mwaisiya kaye. Mawa lomwe mukaweruka pitani mukafunse mtengo wa holo, ya tchalitchi kaya ya pa sekondale, mukapereke dipoziti ngakhale yochepa, musankhe tsiku, tsikulo mulilembe pa pepala mukamate pa msika. Anthu 6 amene akubwerawo ndiye gulu lanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimene chimapha rihezo ndi kuyeserera sewero lopanda tsiku, munthu amabwera Lachiwiri, amabwera Lachinayi, sabata yachitatu amadzifunsa kuti kodi ndikuvutikiranji, basi osabweranso. Koma akadziwa kuti pa 14 mwezi wa mawa azakhali ake adzakhala pa benchi yakutsogolo atalipira pakhomo, ameneyo mawu ake amaloweza ali mu bafa.

Anthu 16 amene anachokawo musawakwiyire kwambiri. Khalidwe loti zisudzo ndi alawansi sanaliyambitse iwo. Mzaka za mma 1980 a Travelling Theatre, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba, akuluakulu ngati a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, anayamba kupita mmidzi kukapanga masewero pamodzi ndi anthu a mmudzimo pa nkhani zowakhudza, ku Mbalachanda ku Mzimba mu 1981, kenako cha ku Liwonde pa nkhani za umoyo ndi zitsime. Inali ntchito yabwino zedi, anthu ankalowelera mu sewero nkumatsutsana ndi ochita sewerowo. Edzi itavuta mzaka za mma 1990 mabungwe anaona kuti njira imeneyi imafika pomwe posita safika, ndiye pafupifupi pulojekiti iliyonse inayamba kukhala ndi bajeti ya "dirama". Mpamene achinyamata ambiri anakulira akudziwa kuti sewero limayamba galimoto ya bungwe ikafika, limatha ndi kusayina pa pepala. Komanso tinene zoona, mnyamata wa kabaza akakhala maola awiri pa rihezo wataya makasitomala angati? Mayi wogulitsa mandazi pa depoti? Mmene zinthu zakwereramu munthu kufunsa kuti kuli kanthu sikuti ndi dyera nthawi zonse, ena ndi ndiwo za madzulo zomwe akuganiza.

Koma palinso njira ina yomwe ndi yathu yomwe, ndipo ndi yakale. A Kwathu Drama Group ankadzadza maholo dziko lonse lino ndi masewero a Chichewa, anthu kulipira okha pakhomo kuti akaone Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene anatisiya mu 2021. Du Chisiza Jr anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987 ndipo anthu ankaima pa mzere ku French Cultural Centre ku Blantyre, matikiti mmanja. Sindikunena kuti inu mukhala iwowo, ayi, ndikungoti Mmalawi amalipira sewero likakhala lokoma. Ndinazionanso pa katauni kakang'ono kuposa Mponela.

Gulu lathu linali pa tiredingi senta ina ku Thyolo, tinatsala anthu 7 mwa njira yomweyi. Sewero lathu loyamba lolipiritsa tinachitira mu holo ya tchalitchi, katani inali mabedishiti atatu omwe amayi ena a mu gulu anabweretsa, telala wa pakhonde la golosale anatilumikizira ulere titamulonjeza mpando wakutsogolo, tinakoloweka pa waya wa zovala ndipo wotsegula amayenera kukoka pang'onopang'ono kuti waya asaduke. Mawindo tinatseka ndi masaka a fetereza kuti ana asaonere panja, ngakhale anaboola ndithu timabowo. Sipika tinabwereka kwa mnyamata wojambulira nyimbo pa msika tinainyamula pa wilibala. Sewero lili pakati magetsi anathima, kunali chiphokoso, koma bambo wina amene ankasewera ngati mfumu sanaime, anangokweza mawu nkunena kuti "mwaona, ngakhale kumwamba akwiya ndi mlandu umenewu", holo yonse kuseka, anthu kuyatsa matochi a mafoni kuunikira pa siteji mpaka sewero kutha. Chiyambire tsiku limenelo timayamba 2 koloko masana, ndipo inunso ndikukulangizani zomwezo, dzuwa sililipiritsa, jenereta imamwa ndalama za pageti zonse.

Tsopano nkhani ya ndalamayi ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi imene imagwetsa magulu ambiri kuposa kusowa kwa ndalamako. Anthu atatuluka tsiku limenelo tinatseka chitseko, tinayala chitenje pansi pa siteji, tinakhuthula thumba lonse onse 7 tikuona. Ma K50, ma K100 opindikapindika, ena onyowa ndi thukuta, wina akuwongola wina akuunjika wina akulemba mu kope la sukulu lija la masamba 80. Tinachotsa ya holo, tinachotsa ya sipika, ya fotokope ya maposita, yotsalayo tinagawa patatu, gawo limodzi mthumba la gulu, magawo awiri kugawana mofanana kuyambira amene anasewera mfumu mpaka amene anakhala pakhomo osaona sewero nkomwe. Aliyense anapita kwawo ndi ya sopo ndi shuga basi, koma palibe anapita ndi funso mumtima.

Ulendo wina wokha tinalakwitsa. Kunali kutada, mvula ikubwera, tinati wapampando apite nazo ndalama tidzawerenga mawa. Mawa lake ndalama zinapezeka zochepa poyerekeza ndi mmene holo inadzadzira. Mwina sanatengepo kanthu, mwina ana ambiri analowa ulere pomwe wa pakhomo anathamangira kukathandiza katani, mpaka lero ine ndimakhulupirira kuti munthu uja anali wolungama, koma panalibe njira yoti adziyeretsere, ndipo anthu atatu anachoka mwezi womwewo, iye mwini anasiya kutiyankhula chaka chathunthu. Ndiye chonde werengani pompo, pamaso pa onse, kaya kwada bwanji. Matikiti akhale ndi manambala, ngakhale olemba pamanja, wina agulitse wina ang'ambe pakhomo. Ndalama ya gulu ngati muisunga pa Mpamba kapena Airtel Money, foni isunge munthu wina pini adziwe wina, meseji ya balansi muziiponya pa gulupu mwezi uliwonse osadikira kuti wina afunse. Amayi a banki nkhonde anazitulukira kale izi ndi bokosi lawo la maloko atatu, kopelani kwa iwo.

Za sewero lenilenilo. Lembani la anthu 6, osati la anthu 20 nkumayembekezera kuti abwera. Wina akhoza kusewera mbali ziwiri, kusintha chipewa ndi kayendedwe basi, anthu amakondanso zimenezo. Ndipo lisakhale la uthenga lija loti kumapeto wina amaima kutsogolo nkumati "tsono anzanga taphunzirapo chiyani", anthu anatopa nalo, limenelo amaonera ulere pansi pa mtengo ndipo sangalilipire. Inu muli ku Mponela, pa M1, dera la fodya. Nkhani zili mbwee. Bambo wagulitsa mabelo ku Kanengo wabwera ndi foni yatsopano ndi mkazi wachiwiri, pofika Okutobala akugulitsa malata a nyumba. Mavenda a soya ndi sikelo zawo. Wa katapila amene amakhala kutsogolo kutchalitchi. Tenanti amene walima chaka chonse nkuuzidwa kuti ngongole yake ya ufa yaposa fodya wake. Anthu akadziona okha pa siteji amaseka mpaka misozi kenako amakhala chete, ndipo phunziro amalitenga okha popanda wowauza. Kungoti musatengere munthu weniweni wodziwika pa tauni mpaka kayankhulidwe kake, tauni yaing'ono mudzakumana naye ku chigayo.

Ngati kulemba sikiriputi yonse kukukuvutani musadandaule, ambiri mwa ife sitinkalemba mawu onse. Gwirizanani nkhani, igaweni mzigawo, muyeserere, mawu amene akoma wina azilemba pompo kuti mawa asasowe. Inu ngati mphunzitsi muli ndi mwayi, mukudziwa aphunzitsi a ku sekondale amene amakonzekeretsa ana mipikisano ya zisudzo za Chingerezi ya ATEM, mpikisano womwe Du Chisiza naye anadziwikira ali mwana wa sukulu. Pemphani mmodzi adzaonere rihezo yanu kamodzi, adzakuuzani zomwe inu simukuziona, monga kupatsa anthu msana kapena kuyankhula anthu akadali mkati moseka.

Nyengo muiganizirenso. Januwale ndi Febuluwale musayerekeze, anthu ali mminda ndipo mmatumba muli mbee. Kwanuko ndalama imayenda msika wa fodya ukatsegulidwa ndi pomwe anthu akolola soya ndi mtedza, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Sankhani Loweruka kapena Lamulungu masana la kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi a zaumoyo atalandira, ndipo muyang'ane kaye kuti tsikulo Bullets ndi Wanderers sakusewera, apo ayi abambo onse adzakhala ku mavidiyo sho. Kukagwa maliro a pafupi sunthani tsiku, musalimbane nazo.

Pali china chomwe simunafunse koma ndikudziwa chikubwera, nkhani ya atsikana ndi amayi a pabanja. Ife tinataya mtsikana waluso kwambiri chifukwa rihezo inkatha mdima utagwa ndipo bambo ake anangoti basi. Tinatayanso mayi wina chifukwa amuna awo anamva ku bawo kuti akazi awo "akwatiwa" ndi wina pa siteji. Zimamveka zazing'ono koma ndi zenizeni. Rihezo izitha 5 koloko isanakwane, izichitikira poonekera, ndipo inu ndi mnzanu mmodzi wachikulire pitani kunyumbako mukakhale pa mkeka mufotokoze, amunawo muwapatse tikiti yaulere kapenanso ntchito ya pakhomo. Bambo amene ankaletsa akazi ake uja patapita chaka ndi amene ankatikhomera mabenchi. Ndipo mwamuna aliyense mu gulu amene ayamba kugwiritsa ntchito rihezo pofunsira ana asukulu, ameneyo achoke tsiku lomwelo, kaya ndi waluso chotani.

Inunso achemwali musanyamule zonse. Mwalemba kuti ndinu dairekita, mlembi, komanso mumagula madzi ndi ndalama zanu. Mukadzasamutsidwa kupita ku sukulu ina gulu lidzathera pomwepo. Du atamwalira mu 1999 Gertrude Kamkwatira anagwira Wakhumbata kenako anayambitsa gulu lake la Wanna Do, zinatheka chifukwa anali ataphunzira ntchito yonse ali mkati. Mwa anthu 6 anuwo wina ayambe kutsogolera rihezo ya Lachinayi kuyambira pano, ngakhale azilakwitsa.

Za chilolezo, lamulo la 1968 loona za zisangalalo za pagulu likadalipo ndipo limafuna chilolezo cha a Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu ndi zisudzo, ndiye musanamate maposita funsani ku khonsolo ku Dowa mmene mungachitire, mudziwitsenso apolisi ndi amfumu a pamalopo. Amfumuwo apatseni mpando wabwino.

Bungwe likadzabweranso, ndipo lidzabwera likamva kuti mukudzadza holo, musalikane, ndalama yake ndi yabwino. Koma lidzapangane ndi gulu osati munthu payekhapayekha, mtengo mutchule inu, gawo lina lilowe mthumba la gulu, ndipo tsiku la sewero lanu la mu holo lisasunthe chifukwa cha filudi. Aja anachoka aja nawonso adzayamba kutumiza timameseji toti "mwatitaya bwanji". Alandireni, ndi anthu anu omwe, kungoti sewero loyambalo mbali zikuluzikulu zikhale za amene anapirira, obwererawo ayambe ndi kumata maposita, kunyamula mabenchi ndi kuyenda ndi chimkuzamawu pa msika Lachisanu. Amene abwerera chifukwa chokonda siteji adzanyamula osadandaula.

Mukasankha tsiku mundilembere pa imelo yomweyi, ndiliika pano kuti owerenga a ku Dowa, Madisi ndi Lumbadzi alione. Ine ngati thiransipoti ilola ndidzakwera minibasi mmawa, tikiti ndidzagula pakhomo ngati wina aliyense, ndipo mabedishiti ngati akuchepa ndili nawo awiri a buluu omwe anatsala ku gulu lathu.