Mapazi a amayi akutentha usiku, kodi reflexology ithandiza?

Imelo yabwera kuchokera kwa mlongo wathu wina wa ku Area 25. Amayi ake amadwala shuga, usiku sagona chifukwa mapazi amatentha ndi kubaya, ndipo munthu wina m'tauni muno wawauza kuti akamawadina mapaziwo kawiri pa sabata, kapamba (chiwalo cha m'mimba chothandiza kuwongolera shuga m'magazi) adzuka, shuga atsika, mapiritsi adzasiya. Akufunsa ngati alipire.

Achemwali, mawu akuti "mapiritsi adzasiya" ndi amene andiyimitsa mutu. Munthu wodziwa ntchito yosisita mapazi sangatulutse mawu amenewo pakamwa pake, ndipo amene wawatulutsa musamupatse phazi la mayi wanu.

Reflexology, kudina malo osiyanasiyana pa phazi pokhulupirira kuti kumachiza ziwalo za m'thupi, siyakale monga amaikometsera. Mu 1913, William Fitzgerald, dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi wa ku America, anagawa thupi m'mizere khumi yoyambira kumutu kukathera ku zala, nanena kuti ukadina pamzere wina ululu umachepa kwinakwake pamzere womwewo. M'zaka za m'ma 1930, Eunice Ingham, mayi wa ku America komweko, anatenga ganizolo n'kujambula thupi lonse pansi pa phazi, buku lake linatuluka mu 1938. Ndiye tchati chimene mumachiona pakhoma chija: zala ndi mutu, kuseri kwa zala ndi chifuwa ndi mapapo, pakati pa phazi pali chiwindi, kapamba ndi impso, chidendene ndi chiuno, m'mbali mwa phazi cham'kati ndi msana. Ena amaonetsanso chithunzi cha m'manda a Ankhmahor, nduna ya mfumu yamakedzana, ku Saqqara, ku Egypt, pomwe anthu akugwira anzawo mapazi ndi manja. Chithunzicho chilipodi, koma sichinena chilichonse za kapamba.

Vuto ndi lakuti palibe mtsempha umene umachoka pakati pa phazi kukalowa m'kapamba. Mitsempha ya kuphazi imakwera ndi mwendo kukalowa mu msana, basi. Ngakhale matchatiwo sagwirizana okhaokha. Muike awiri pamodzi muone ziwalo zina zikusuntha malo. Mu 2009, Edzard Ernst, pulofesa wofufuza za machiritso otere, anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti palibe umboni wogwira mtima woti reflexology imachiza nthenda iliyonse. Boma la Australia linaunikanso mu 2015, linapeza zomwezo, ndipo kuyambira mu 2019 anaichotsa pa zinthu zimene inshuwalansi ya zaumoyo yothandizidwa ndi boma imalipira.

Izi sizikutanthauza kuti ndi yachabe. Munthu amene wagona chagada mphindi 45, foni ili kutali, wina akumugwira mapazi mwaulemu, mtima umakhala pansi, mpweya umayenda pang'onopang'ono, minofu imamasuka, ndipo ambiri amagona bwino usiku umenewo. Ululu umachepanso kwa kanthawi, pa chifukwa chomwe chija mumasisitira bondo mukaligunditsa: mitsempha yomva kukhudza ikatanganidwa, uthenga wa ululu umafika ku ubongo mofooka. N'chifukwa chake m'malo ena osamalira odwala khansa amaigwiritsa ntchito pofuna kuti wodwala apepukidwe ndi nkhawa, osati kuti chotupa chichepe. Mukayeza BP atangodzuka pabedipo mwina muipeza yatsikako, koma mawa lake yabwerera pomwe inali. Phindu lake ndi limenelo, ndipo kwa mayi amene watha miyezi osagona si laling'ono. Koma ndi phindu la kusisita, si la tchati.

Chimene chimandikwiyitsa ndi zimene zimabwera pambuyo pa kusisitako. Wodinayo akamva tokhuthala pansi pa khungu amati ndi poizoni waunjikana, ndiye mukufunika kubwera maulendo khumi. Kenako akutulutsa beseni la magetsi lija, moviikamo mapazi, madzi n'kusanduka a bulauni, akuti ndi zoipa zatuluka m'chiwindi. Madziwo amada chifukwa chitsulo cha makinawo chikudyeka m'madzi a mchere. Muwauze aliyatse mulibe phazi, madzi ada chimodzimodzi. Zoipa za m'magazi zimachotsedwa ndi impso ndi chiwindi, sizituluka pa chidendene. Kenako tiyi wa m'paketi, kenako makapisozi, mwezi ukamatha ndalama yathera kumeneko ya thiransipoti yopitira ku kiliniki ya shuga palibe.

Ndipo kutentha kwa mapazi kumene amayi akumva kuli ndi chifukwa chake chenicheni. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga timitsempha ting'onoting'ono, kuyambira tomwe tili kutali kwambiri, ndiye ku zala. Poyamba kumabwera kutentha ndi kubaya, makamaka usiku, kenako dzanzi. Dzanzilo ndiye loopsa kuposa ululu, chifukwa munthu amaponda msomali kapena khala la pa mbaula osamva, bala n'kuyamba, ndipo bala la wodwala shuga silipola msanga. Miyendo yambiri imene imadulidwa inayamba ndi kabala kotero. Tsono taganizani phazi limeneli likudinidwa ndi kamtengo kosongoka kamene odina ena amagwiritsa ntchito, mwini wake osatha kunena kuti "mwandipweteka". Patapata za timinga zija ndi zogudubuza za matabwa ndi chimodzimodzi, zisalowe m'nyumba ya wodwala shuga.

Komanso si shuga yekha. Metformin, mankhwala a shuga, akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12, ndipo kuchepa kwake kumabweretsa dzanzi lomweli. Isoniazid, mankhwala a TB, amachitanso zomwezo, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Amene anamwa ma ARV akale okhala ndi stavudine ambiri anatsala ndi vutoli. Mowa, makamaka kachasu, ndiye osanena. Zonsezi sizidziwika podina phazi. Zimadziwika pofunsa mbiri ya wodwala ndi poyeza magazi. Choncho pitani nawo ku kiliniki kumene amalandirira mankhwala, kaya ndi ku Kamuzu Central kapena pa chipatala cha pafupi nanu, akavule nsapato ndi masokosi asanauzidwe, ndipo munene mawu akuti "mapazi akutentha usiku". Pemphani kuti awayeze ndi kaulusi kaja ka pulasitiki, monofilamenti ya magalamu 10, kamene amakhudza nako pansi pa phazi wodwala atatsinzina, ndiponso amve ngati magazi akugunda pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo. Pali mankhwala a ululu wa mitsempha, monga amitriptyline womwa usiku, amene adokotala angaone ngati akuwayenera. Panado pa ululu umenewu sathandiza kwenikweni.

Mukafuna kuwasisita nokha

Ndalamayo sungani, manja anu akwanira. Yambani ndi kuyang'ana phazi lonse powala: pansi, pakati pa zala, ming'alu ya ku chidendene. Pakakhala bala, thuza, kufiira, kutupa, kapena phazi limodzi likutentha kuposa linzake, musasisite. Mwendo umodzi ukatupa, katumba akupweteka, musaukhudze n'komwe, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha ndipo kukanya kungathamangitsire chibulumacho ku mapapo. Kumeneko ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Chala chikayamba kuda kapena bala likanunkha, chimodzimodzi.

Zonse zikakhala bwino, atsukeni ndi madzi ofunda osapitirira madigiri 37. Muyese ndi chigongono chanu, osati ndi phazi lawo. Kuthowa ndi madzi otentha kumene tinazolowera kuja, pa phazi la dzanzi kumawotcha khungu mwini wake akuti "onjezani". Musawaviike nthawi yaitali, khungu limafewa n'kung'ambika. Pukutani bwino pakati pa zala. Pakani Vaseline pang'ono pansi ndi pamwamba pa phazi, koma pakati pa zala ayi, pamenepo pakanyowa pamachita zilonda.

Achotseni nkhawa ndi manja onse awiri, kusisita kuchokera ku zala kukwera ku kakolo. Kenako pindani chala chanu chachikulu, muchiyendetse pang'onopang'ono ngati mbozi kuchokera ku chidendene mpaka kuseri kwa zala, mizere isanu, umodzi pa chala chilichonse. Mudine ndi mnofu wa chala, zikhadabo zanu zikhale zowenga, ndipo mphamvu ikhale yoti khungu likayera libwerere msanga. Zunguzani chala chilichonse mofatsa osachikoka kuti chilire, zunguzani kakolo kasanu mbali iyi, kasanu mbali inayo. Mphindi 10 phazi lililonse, madzulo asanagone. M'mawa muyang'anenso; mukapeza pofiira kapena pobiriwira, munadina kwambiri.

Ngati amayi akufunabe kupita kwa wodziwa, palibe choletsa, bola akhale munthu amene afunse za shuga asanagwire phazi, agwiritse ntchito manja okha, asayandikitse lezala pa zikanga, ndipo asanene kanthu pa za mapiritsi awo. Mapiritsi awo a shuga apitirize kumwa monga anawauzira kuchipatala, ndipo tsiku lawo la kiliniki lisadumphidwe.